Mapiko Osaoneka

Pali anthu pa dziko lino amene amatha miyezi yathunthu akumanga ndege yomwe sinakhalepo, sidzakhalapo, ndipo palibe anawatuma. Amatenga ndege ya mu gemu, ija yojambulidwa kuti ikomere maso basi, n'kuilowetsa mu pulogalamu ya pa kompyuta yotsanzira kuuluka kwenikweni, imene amaitcha simulator. Akatero amaiimika pa msewu wa bwalo la ndege, kuliza injini, n'kudikira kuti aone ngati inyamuke. Inenso ndili m'gulu lomweli, ngakhale ndili kumchira kwenikweni. Anthu akandifunsa kuti phindu lake n'chiyani ndimangoseka, poti la ndalama palibe. Koma m'masewera amenewa muli funso limene limandisowetsa tulo. Maloto ako ukawatengera ku bwalo la milandu, mlandu n'kukugomera, umatani? Umasintha malotowo, kapena umapita kuseri kukamupatsa woweruza kangachepe?

Ndiyambe ndi kufotokoza mbali ziwirizi, poti si tonse tinakulira pa PlayStation. Kuli gemu ya ku Japan yotchedwa Ace Combat, ya kampani ya Namco imene lero ndi Bandai Namco, yomwe inafika pa PlayStation mu 1995 ndi dzina loti Air Combat. Nkhani zake zambiri zimachitikira m'dziko lopeka la Strangereal, lokhala ndi maiko ake, nyanja zake ndi nkhondo zake. Muli ndege zenizeni monga F-16 ndi F-22, komanso muli zina zimene akatswiri ojambula anangozilota. Yoyamba kundigwira mtima inali X-02 Wyvern ya mu Ace Combat 04 ya 2001. Mapiko ake amaloza kutsogolo ikamayenda pang'onopang'ono, koma ikathamanga amapindika n'kulowa mkati ngati mpeni wa m'thumba. Ina ndi Morgan ya mu Ace Combat Zero ya 2006, ya mapiko oloza kutsogolo, timapiko tiwiri pafupi ndi mphuno, ndi chimfuti cha laser chokhazikidwa pamsana. Ukaziona mtima umavomera msanga kuti izi ziyenera kuuluka. Zokongola chonchi zingalephere bwanji?

Mu gemumo zimaulukadi, ndipo zimachita zodabwitsa. Mu Ace Combat 7 ya 2019 mafuta satha. Woyendetsa amakhota mwamphamvu kuyambira poyamba mpaka pomaliza osachita chizungulire, pamene munthu weniweni, ngakhale atavala zovala zomufinya miyendo kuti magazi asathawe kumutu, amapirira kulemera kwa thupi lake kuchulukitsa ka 9 kwa kanthawi kochepa chabe. Ndipo ndege zina zimanyamula mizinga yoposa 100. Tiyeni tiwerenge limodzi. Mzinga wa Sidewinder umalemera makilogalamu pafupifupi 85. Mizinga 100 ndiye kuti matani 8 ndi theka, kulemera kofanana ndi F-16 yathunthu yopanda mafuta. F-22 yeniyeni imanyamula mizinga 8 m'mimba mwake, basi. Ndiye ndege ya mu gemu ili ngati munthu amene wabereka mnzake wofanana naye thupi, kwinaku akuvina beni osatuluka ndi thukuta lomwe.

Kodi limeneli ndi bodza? Ine ndimati ayi. Agogo akati "padangokhala," ife n'kuyankha kuti "tili tonse," timakhala tapangana. Kuyambira pamenepo Kalulu akhoza kulankhula, Fisi akhoza kufunsira mbeta, ndipo palibe mwana amene amadzuka n'kunena kuti agogo akunama. Nthano sinamiza munthu chifukwa imalowa pakhomo itatchula kale dzina lake. Ace Combat nayo sibisa kuti ndi nthano. Mizinga 100 ija ili poyera, nambala yake ikuoneka pakona pa sikirini. Amene angakwiyire gemuyi chifukwa cha mizingayo ndi yemweyo angakwiyire Kalulu chifukwa cholankhula Chichewa.

Simulator ndiye inalonjeza zina. Tengani X-Plane, imene Austin Meyer wa ku America anatulutsa koyamba mu 1995 ndipo kampani yake ya Laminar Research ikuikonzabe mpaka lero. Pulogalamuyi sifunsa dzina la ndege kapena mbiri yake. Imatenga phiko n'kuligawa m'tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo pa kachidutswa kalikonse imawerengera kuti mphepo ikukamenya pa liwiro lanji, kuchokera mbali iti, ndiye kakukankhidwira m'mwamba mochuluka bwanji ndi kukokedwera m'mbuyo mochuluka bwanji. Ikaphatikiza zonsezo, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, n'kuonjezerapo kulemera kwa ndege ndi mphamvu ya injini, imadziwa kumene ndegeyo ilowere. M'kati mwake muli kapulogalamu kotchedwa Plane Maker, komwe aliyense angamangire ndege yake: phiko litalike chonchi, likhale apa, injini ikhale apo, mafuta akhale uku. Ukamaliza, mphepo ya mu kompyuta ndiyo imagamula. Ilibe mbale, ilibe wa kwathu.

Nditalowetsa Morgan mmenemo monga momwe imaonekera pa zithunzi, inathamanga bwinobwino pa msewu, inadzutsa mphuno, ndipo mphunoyo inangopitirira kudzuka mpaka ndege yonse inagwa chagada. Chifukwa chake aliyense amene anaponyapo muvi amachidziwa. Muvi umayenda molunjika chifukwa chitsulo cholemera chili kutsogolo, nthenga zili kumbuyo. Ukauponya motembenuza, nthenga patsogolo, umadzizungulira wokha m'malere. Ndege nayo imafuna kuti phata la kulemera kwake likhale patsogolo pang'ono pa malo amene mphepo imainyamulira. Wojambula wa gemu analibe chifukwa chovutikira ndi zimenezo. Ntchito yake inali yoti mwana akaiona ndegeyo atsegule pakamwa, ndipo anaigwira bwino. Koma chimfuti cha pamsana chija, mphepo ikachiona, imangoona munthu akuthamanga atasenza chitseko.

Apa ndiye pamphambano, ndipo njira zilipo zitatu. Kuti muzimvetse muyenera kudziwa chinthu chimodzi: m'mapulogalamu amenewa, chimene maso akuona ndi chimene kompyuta ikuwerengera ndi zinthu ziwiri zosiyana. Thupi lokongola la pa sikirini lili pa lokha, manambala a kuuluka ali pa okha. Womanga wa njira yoyamba amapezerapo mwayi. Amatenga manambala a ndege imene imauluka kale bwino, kaya F-16 kaya F/A-18, n'kuwaveka thupi la Morgan. Ndi nkhuku yovekedwa nthenga za nkhanga. Ikulira ngati nkhuku, ikuyenda ngati nkhuku, koma patali mumvekere taonani nkhanga.

Wa njira yachiwiri ndi wochenjererako. Iye amayambadi ndi maonekedwe a Morgan, koma ikagwa amaikonzera kuseri. Plane Maker imalola kuti chiwalo cha ndege chiziwerengedwa koma chisamaoneke. Ndiye amaonjezera chimchira chachikulu chimene palibe angachione. Phiko amalitalikitsa m'manambala okha. Pa kulemera amalemba theka, pa mphamvu ya injini amachulukitsa kawiri, chitseko cha pamsana chija n'kuiuza mphepo kuti kulibe. Ndege imanyamuka ngati chiwombankhanga, koma chikuinyamula ndi mapiko osaoneka.

Wa njira yachitatu amavomera chigamulo. Amasuntha matanki a mafuta kupita kutsogolo. Akakulitsa phiko amalikulitsa poyera, thupi la pa sikirini n'kusintha nalo. Laser amaitsitsa, mizinga amasiyako yowerengeka pa zala. Akaona kuti ndegeyo singadzigwire yokha amaiikira kompyuta yoithandiza, monga zimachitikira pa ndege zenizeni za nkhondo, ndipo amanena kuti waiika. Pomaliza amakhala ndi ndege yolemera, yochedwerako kukhota, yoti pakapita kanthawi iyenera kutera kukamwa mafuta. Kukongola kwina kwapita. Anzake akaiona amati, aaa, imeneyi ndiye Morgan yake iti?

Onse atatuwa amatha kuika vidiyo pa YouTube ndi mutu wofanana: ndege ya mu Ace Combat yauluka mu simulator yeniyeni. Vuto langa limayambira pa mutu umenewo. Mnzanga wina amene timakangana nkhanizi mpaka usiku amandiuza kuti, "Aise, iwe ukuonjeza. Ndi gemu basi. Wafa ndani? Munthu wasangalala, oonera asangalala, ndiye iwe ukulira maliro a ndani?" Mfundo yake ndi yolemera, sindingaikankhire kumbali. Zoonadi palibe wafa. Ndipo kusewera n'kwabwino pa kokha, sikufunika kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Koma taganizirani za sikelo ya pa msika. Mlimi akabwera ndi thumba la soya samakhulupirira wogula, ndipo wogula samakhulupirira mlimi. Onse awiri amakhulupirira sikelo, chifukwa sikelo ilibe nawo ntchito. Mphamvu yake yonse ili pa kusasamala kwakeko. Venda amene wakhotetsa sipuling'i ya sikelo amaba kawiri. Amaba soya wa mlimi uja, komanso amaba dzina labwino la sikelo, limene sanalipange ndi iye. Akanangonena kuti "ine thumba ili ndigula pa mtengo wakuti, kaya likulemera bwanji," pakanakhala kukambirana chabe. Chimene chimasandutsa nkhaniyi kukhala kuba n'chakuti iye akuloza sikelo n'kumati, taona wekha, si ine ndanena. Womanga wa mapiko osaoneka akuchita chimodzimodzi. Akanatha kusiya Morgan mu Ace Combat, komwe imauluka popanda wofunsa. Anaibweretsa mu X-Plane chifukwa ankafuna umboni wa mphepo yosakondera. Kenako mboniyo anaiphunzitsa zonena.

Ndiye musandimve molakwa. Kuika chinthu chosatheka mu simulator si mlandu. Microsoft Flight Simulator, imene inayamba mu 1982 ndipo ya 2020 inapangidwa ndi Asobo Studio ya ku Bordeaux, yachita zimenezi kangapo masana dzuwa likuswa mtengo. Mu May 2022 inalowetsa Darkstar ya mu filimu ya Top Gun: Maverick. Mu June chaka chomwecho inalowetsa Pelican ya mu gemu ya Halo, chindege chonenepa cha timapiko tating'ono. Mu February 2024 kunabwera ndege ya mu filimu ya Dune, yokupiza mapiko ngati tombolombo. Palibe amene ananamizidwa. Zonsezi zinalowa zitatchula dzina lake ngati nthano ya agogo, ndipo anthu anayankha kuti tili tonse. Mlendo amene wanena kuti ndi mlendo timamuyalira mphasa. Amene timamuopa ndi uja wobwera atanyamula chitupa cha mwini nyumba.

Pali nkhani ziwiri za ndege zenizeni zimene zimandithandiza kuona pamene pali malire. Yoyamba ndi ya Grumman X-29, imene inauluka koyamba mu December 1984 ku America. Ukaiona ungati ndi mchimwene wake wa Morgan: mapiko oloza kutsogolo, timapiko kumphuno. Anapanga ziwiri zokha. Ndegeyi inali muvi wotembenuza weniweni. Pa yokha sinkatha kuyenda molunjika, ndipo dzanja la munthu silikanatha kuigwira. Chinkaigwira chinali makompyuta, atatu ogwira ntchito ndi ena atatu odikirira, amene ankaiongola ka 40 pa sekondi iliyonse. Amenewatu ndi mapiko osaoneka enieni. Koma aliyense wokwera mmenemo ankadziwa kuti alipo, ankadziwa mmene amagwirira ntchito, ndiponso chimene chingachitike akafa. Amati ukaipa dziwa nyimbo. X-29 inali yoipa khalidwe, inadziwa nyimbo yake, ndipo inkaiimba poyera.

Yachiwiri ndi yowawa. Boeing 737 inayamba kuuluka mu 1967, ndipo ndi ndege ya miyendo yaifupi. Pofuna kupikisana ndi Airbus A320neo, kampani ya Boeing inaiikira injini zazikulu zosamwa mafuta ambiri n'kuitcha 737 MAX. Poti injinizo sizikanakwana bwino pansi pa phiko, anazisunthira kutsogolo ndi m'mwamba pang'ono. Zimenezi zinasintha khalidwe la ndege: mphuno ikadzuka kwambiri inkafuna kudzukirabe. Ndiye anaikamo pulogalamu yotchedwa MCAS yoti izikankhira mphuno pansi yokha. Mpaka pamenepa palibe chachilendo, ndege zambiri zimathandizidwa ndi kompyuta. Koma pulogalamuyi inkamvera kachipangizo kamodzi kokha koyeza mmene mphepo ikumenyera ndege, ndipo sinafotokozedwe m'mabuku a oyendetsa. Ndegeyo inkagulitsidwa ngati 737 yomwe ija, yoti woyendetsa wozolowera yakale sakufunika kupita kukaphunzira mu simulator.

Pa 29 October 2018 ndege ya Lion Air inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Jakarta, anthu 189 anafa. Pa 10 March 2019 ya Ethiopian Airlines yopita ku Nairobi inagwa itangonyamuka ku Addis Ababa, bwalo limene ambiri a ife timadutsirapo tikamapita kunja, anthu 157 anafa. Onse pamodzi 346. M'ndege zonse ziwiri kachipangizo kaja kanapereka nambala yolakwika, pulogalamu n'kumakankhira mphuno pansi mobwerezabwereza. Ndegezi zinaimitsidwa pa dziko lonse, ndipo mu January 2020 kampani yomweyo inanena kuti oyendetsa MAX azipita ku simulator. Mu January 2021 inavomera kulipira madola oposa 2.5 biliyoni pa mlandu wonamiza bungwe la FAA loyang'anira ndege ku America. X-29 inali yovuta kwambiri kuposa MAX, koma sinaphe munthu. Zonse ziwiri zinali ndi dzanja lothandiza. Kusiyana kwake, ina inawauza anthu ake, ina inawabisira.

Ndikudziwa kuti pakati pa mnyamata wosewera pa kompyuta m'chipinda mwake ndi kampani yaikulu yotere pali mtunda wautali, ndipo sindikufuna kumusenzetsa mnyamatayo maliro a anthu 346. Mnzanga uja akunena zoona, mu Plane Maker safa munthu. Chimene ndikunena n'chakuti yesero lake ndi limodzi, langosiyana kukula. Uli ndi chinthu chimene walonjeza kuti chikhala chakuti. Muyeso wakuuza kuti ayi. Kusintha chinthucho n'kodula, kuvomera n'kochititsa manyazi, ndipo pafupi pomwepo pali kabokosi koti ukasinthamo nambala imodzi zonse zioneka bwino ndipo palibe adziwe. Wolemba lipoti la pulojekiti amakadziwa kabokosi kameneka. Womanga nyumba amene wachepetsa simenti n'kupaka penti yowala amakadziwa. Mphunzitsi amene wauzidwa kuti ana onse akhoze amakadziwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ngati pali malo otchipa ophunzirira kukasiya kabokosiko osakakhudza, ndi kumene kulephera kwake ndi ndege ya pa sikirini kugwa chagada basi.

Tsono pali funso lina limene limandivuta kuposa la bodza. Wa njira yachitatu uja wakulitsa phiko, watsitsa laser, wataya mizinga. Chatsalacho ndi Morgan? Kodi pofuna kukhulupirika kwa mphepo sanapereke malotowo? Wa njira yoyamba akhoza kumuloza chala n'kunena kuti, ine ndasunga nkhope yake, ine ndasunga mmene imamvekera m'manja, iwe wasunga chiyani? Ndipo pali choonadi pamenepo. Chimene tinakonda mu gemu sanali manambala. Kunali kupepuka kuja, kumva ngati thambo lonse ndi lako.

Yankho limene ndalipeza lili ku Japan komweko. Mu filimu ya Hayao Miyazaki ya 1984, Nausicaä of the Valley of the Wind, mtsikana amauluka pa kandege koyera kopanda mchira kotchedwa Möwe, atakagwira ndi manja, thupi lili pamtunda. Mu 2003 katswiri wa zaluso Kazuhiko Hachiya anayamba ntchito yotchedwa OpenSky, yoti apange kandege kameneka kenikeni. Panapita zaka pafupifupi khumi kuti ka injini ya jeti, M-02J, kanyamuke pansi, ndipo mu 2019 anakaulutsa pa chionetsero cha ndege cha ku Oshkosh ku America. Mapiko ake ndi otalika kuposa mamita 9, aatali kwambiri poyerekeza ndi a mu filimu. Sakachita zonse zimene ka mu filimu kamachita. Koma wokwerapo anali Hachiya mwini wake, atagona chafufumimba pamwamba pake, mphepo ikumuomba kumaso. Munthu amene thupi lake lili pa phiko sangalembe nambala yabodza. Anayenera kufunsa kuti m'maloto amenewa chimene sindingachitaye n'chiti, ndipo anapeza kuti si kutalika kwa mapiko. Ndi munthu ali panja, pa mbalame yoyera, akuiongolera ndi thupi lake.

Ana opanga magalimoto a mawaya amachidziwa chimenechi. Mwana amaona lole pa msewu n'kuifuna. Alibe injini, alibe magalasi, alibe matayala a mphira. Amataya pafupifupi zonse, koma mawilo ayenera kuzungulira ndipo chiwongolero chiyenera kukhotetsa. Galimoto ya mawaya yokongola koma yosayenda anzake amaiseka. Yopindikapindika koma yomvera chiwongolero amaipangira mzere kuti ayendetseko. Muyeso ndi umene umamuonetsa mwanayo chimene ankakonda pa lole ija. Chimodzimodzi ndi Morgan. Ukaichotsa zonse zimene mphepo yakana, chotsalacho ndi mtima wa chinthucho: phiko loloza kutsogolo, ndege yosakhazikika imene imakhota msanga chifukwa cha kusakhazikika komweko. Wa njira yoyamba sadzachidziwa chimenechi, poti iye akuyendetsa F-16 yovala chigoba.

Koma wa njira yachitatu naye asadzitame msanga, chifukwa simulator si Mulungu. Mdani wamkulu wa phiko loloza kutsogolo ndi kupotoka. Likanyamula katundu, nsonga yake imapotokera m'mwamba, kupotokako kumaonjezera mphamvu yolinyamula, mphamvuyo n'kulipotolanso, mpaka kuthyoka. Akatswiri a X-29 anathana nalo vutoli poyala nsalu za kaboni m'phikomo mwanjira yoti likamapindika lizikana kupotoka. Ngakhale zinatero, ndege zankhondo za mapiko otere zinathera pa kuyesa. Ya ku Russia, Sukhoi Su-47 imene inauluka mu 1997, sinafike popangidwa zambiri. Simulator ya kunyumba siona zonsezi. Imawerengera phiko ngati chinthu chosadzipotola chokha mpaka kuthyoka, ndipo masamu ake amafooka ndege ikafika pa liwiro la phokoso kapena mphepo ikayamba kuzungulirazungulira pamwamba pa phiko. Ndiye munthu woona mtima sanganene kuti Morgan ikhoza kuuluka. Anganene kuti Morgan, itasinthidwa mwakutimwakuti, yauluka mu X-Plane. Mawu ake atalikirapo ndipo sakukoma ngati mutu wa vidiyo, koma ndi okhawo amene ali ake. Ngakhale sikelo yabwino ili ndi polekezera, ndipo wodziwa ntchito amanena kuti iyi imayeza kufika pa makilogalamu akuti.

Ena amati zonsezi n'kupha chisangalalo, kuti nthano ukaiyeza pa sikelo yafa. Kwa ine zakhala zosiyana. Ma simulator amenewa ali ndi dziko lonse m'kati mwake, ndiye ndimatha kuimika Morgan yanga yolemera ija pa Chileka, kuika nyengo yotentha ya mu October pamene mpweya umapepuka ndipo ndege imafuna msewu wautali, n'kunyamuka kulunjika ku Mulanje. Pofika pa Sapitwa, mamita 3,002, maso amakhala ali pa mafuta. Mu Ace Combat sindinaopepo chilichonse, chifukwa kunalibe chotaya. Muno ndimamva phiko likamafika pokana, ndimamva kompyuta ikulimbana kuigwira mphuno, ndipo ndikatera bwinobwino mtima umagunda. Ndikabwerera ku gemu ndimaikonda kuposa kale, poti tsopano ndikudziwa kukula kwa mphatso imene ojambula aja anandipatsa pondichotsera kulemera. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mphepo ya mu kompyuta inanditsina, ndipo ndinayamba kuona bwino mbali zonse ziwiri.

Ndiye kwa anzanga omanga ndege za maloto, pempho langa ndi laling'ono. Sindikuti musiye kuveka nkhuku nthenga za nkhanga. Sindikuti musiye kuika mchira wosaoneka, nthawi zina ndi njira yokhayo yoti mwana wa mlongo wanu aiyendetse osagwa. Mangani mmene mukufunira. Koma ndege iliyonse imene timagawana pa intaneti imayenda ndi kafayilo kofotokoza mmene ungaiikire mu kompyuta. M'kafayilo kameneko onjezerani mizere itatu kapena inayi. Lembani kuti kulemera ndachepetsa ndi mwakuti. Mphamvu ya injini ndaonjezera. Pali mchira kumbuyo umene simukuuona. Manambala a kuuluka ndabwereka kwa F-16. Oikonda adzaikondabe, ndipo wina wofuna kuphunzira adzadziwa poyambira, mwina n'kupeza njira yochotsera mchira wobisikawo imene inu simunaione.

Fayilo ya Morgan yanga ili ndi mizere isanu ndi iwiri yotere. Wachisanu ndi chiwiri umati laser ili m'bokosi, mphepo inakana.